Madontho akupakika pa pleti ya TLC, Rf nayo ikusinthasintha: muyang'ane pati?

TLC (thin-layer chromatography) ndi njira yopatulira makemikolo osakanizika pa pleti yopyapyala, ndipo vuto lake limakhala lomweli nthawi zonse. Mwalemba mzere wa pensulo, mwadontheza sampulo, mwaika pleti m'botolo, mwadikira solventi (madzi a mankhwala onyamula sampulo) ikwere, koma mukatulutsa nkuika pansi pa nyali ya UV, mmalo moona timadontho tozungulira totalikirana bwinobwino mukuona chimchira chimodzi chachitali kuchokera pansi mpaka chapakati. Pena zonse zathamangira kumwamba, pena palibe chasuntha olo pang'ono. Mawa lake mwabwereza ndi zinthu zomwezo, Rf, nambala yoonetsa mtunda womwe dontho layenda poyerekeza ndi wa solventi, yasintha. Anthu ambiri akafika pamenepa amathamangira kusintha solventi, nkusinthanso, nkusinthanso, mpaka mapleti kutha vuto lidakalipo. Ine ndimati yambani mwachepetsa sampulo ndi kukonza botolo lanu, solventi muikhudze pambuyo pake, ndipo muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, apo ayi simudzadziwa chomwe chathandiza.

Kaye tikumbutsane zomwe zikuchitika pa pletipo, chifukwa mavuto onsewa akuchokera pamenepo. Mu chromatography muli mbali ziwiri, ina yokhazikika ina yoyenda. Pa TLC yokhazikika ndi ufa wa silika womatidwa pa galasi, pa aluminiyamu kapena pa pulasitiki, wokhuthala pafupifupi 0.2 mm basi, ndipo yoyenda ndi solventi yomwe imakwera yokha kudzera m'timipata ta ufawo. Pamwamba pa silika pali magulu a Si-OH (silicon, oxygen ndi hydrogen), ndi a polar, kutanthauza kuti mbali ina ili ndi chaji yapozitivi pang'ono ina yanegativi pang'ono ngati mmene alili madzi, nde amagwira zinthu za polar zinzawo. Kemikolo iliyonse ya mu sampulo yanu imangokhalira kumata pa silika nkumasuka, kumata nkumasuka, ulendo wonsewo. Yomwe imathera nthawi yambiri itamata imatsalira pansi, yomwe imakonda kukhala mu solventi imapita patali. Basi. Chilichonse chosokoneza kumata ndi kumasuka kumeneku chimaonekera pa maonekedwe a dontho.

Mchira, kapena dontho lopakika

Choyamba kukayikira ndi kuchuluka kwa sampulo. Ichi ndiye chomwe chimavutitsa anthu kwambiri, chifukwa munthu ukaona kadontho kako kakuoneka ngati palibe kanthu, mtima umakuuza kuti wonjezera, umawonjezeradi kawiri katatu. Koma malo ogwirira a pa silika ali ndi malire, zili ngati siponji yomwe yakhuta madzi, ukathiranso amangoyenderera. Malo aja akadzaza, kemikolo yotsalayo imasowa pomata nde imayenda msanga, pomwe ina yomwe yagwidwa zolimba ikubwera pang'onopang'ono kumbuyo, zotsatira zake ndi mchira womwe umaphimba madontho ena omwe akanaoneka paokha.

Kuyesa kwake nkosavuta. Pa pleti imodzi ikani madontho atatu: sampulo mmene ilili, ina yosungunula kakhumi, ina yosungunula ka 100. Ngati wachitatuyo kapena wapakatiyo watuluka wozungulira bwino, vuto mwalipeza, solventi yanu ilibe mlandu. Poyambira pabwino ndi mamiligalamu ochepa chabe mu 1 mL, osapyola 10 mg, ndipo nthawi zambiri zochepera pamenepo zimakwana. Dontho lenilenilo likhale la 1 mpaka 2 mm m'mimba mwake. Kachubu kodonthezera kangokhudza pleti nkuchoka msanga, ngati kupha diso, mukakasiya pamenepo sekondi yathunthu dontho limafalikira mpaka kukula ngati nsonga ya chala. Ngati sampulo ndi yosungunuka kwambiri moti mukufunikadi kudontheza kangapo pamalo amodzi, dikirani liume kaye musanakhudzenso. Ndipo musakanikize. Kachubu kakaboola silika pamatsala kadzenje, solventi imazungulira kadzenjeko, dontho limatuluka lopindika ngati mwezi watsopano.

Mwasungunula koma mchira ulipobe? Funsani kuti kemikolo yanu ndi asidi kapena base. Silika payokha ili ndi kauasidi pang'ono, nde ma amine amamata zolimba kwambiri pa Si-OH, amachoka monyinyirika, mchira wake umakhala wautali zedi. Mankhwala ake ndi kuthira triethylamine pang'ono mu solventi, pafupifupi 1%, iyoyo imakakhala pa malo a asidi aja, amine wanu nkudutsa bwino. Ena amagwiritsa ammonia wosungunuka mu methanol, zimagwiranso. Ma carboxylic acid nawo amachita mchira chifukwa ena amakhala atataya proton ena asanataye, awiriwo amayenda pa liwiro losiyana ndipo amangosinthanasinthana, nde apa mumathira acetic acid pafupifupi 1% kuti onse akhale mumkhalidwe umodzi. Musasokoneze: amine amafuna base, asidi amafuna asidi. Mukatembenuza, amine wanu amasanduka mchere ndipo amangokhala pa mzere osasuntha. Ngati amine akuvutabe, pleti ya alumina (ufa wa aluminium oxide mmalo mwa silika) imathandiza kuposa kulimbana ndi silika.

Chachitatu ndi solventi yomwe sampulo inasungunukiramo. Ngati mwatapa kuchokera mu reaction yochitikira mu solventi ya DMF kapena DMSO, dziwani kuti dontho lanu silinaume ngakhale likuoneka ngati lauma. DMF imawira pa 153 °C, DMSO pa 189 °C, sizingauluke ndi kupepeza ndi dzanja ayi. Zimatsala pa mzere, ndipo poti ndi za polar kwambiri zimanyamula chilichonse nkuchipaka pleti yonse. Chochita: tapani kadontho ka reaction mukabotolo kakang'ono, thirani timadzi pang'ono ndi ethyl acetate pang'ono, khutchumulani, dikirani zipatukane, kenako donthezani za pamwambazo. DMF ndi DMSO zambiri zimapita m'madzi. Ngati muli ndi vacuum mutha kuumitsanso pletiyo kwa mphindi zingapo musanaiike m'botolo.

Palinso nthawi zina pamene kemikoloyo ikuwonongeka pa silika pomwepo ikuyenda. Apa pali kanjira komwe ndimakakonda kwambiri chifukwa kamayankha funso mosabisa. Dulani pleti ya mbali zinayi zofanana, ikani dontho limodzi pakona, yendetsani, tulutsani, umitsani bwino, tembenuzani pletiyo madigiri 90 kuti mzere wa madontho aja ukhale pansi, nkuyendetsanso mu solventi yomweyo. Chilichonse chomwe sichinasinthe chimayenda mtunda wofanana maulendo onse awiri, nde chimakhala pa mzere wopingasa wochokera pakona kupita pakona inzake. Mukaona madontho ena atapatuka pa mzerewo, ndiye kuti china chake chikuphwasuka pa pleti. Zikatero kusintha kuchuluka kwa hexane sikungathandize kanthu, yesani alumina kapena tsirani triethylamine kuti muziziritse uasidi wa silika.

Ndipo tivomereze, pena mchirawo ndi woona. Sampulo ina imakhala ndi makemikolo ambirimbiri oyandikana moti madontho ake amangolumikizana. Koma musafike pa ganizo limeneli musanayese zinayi zija.

Zonse zili pansi, kapena zonse zili pamwamba

Apa ndi pomwe solventi ili ndi mlandudi. Zonse zikatsala pa mzere, solventi ndi yofooka, onjezerani ya polar. Zikathamangira kumwamba pamodzi, yachita mphamvu, chepetsani. Ambiri amayambira pa hexane ndi ethyl acetate, nde yesani molumpha, 9:1 (hexane 9, ethyl acetate 1) kenako 4:1 kenako 1:1, osamasintha pang'onopang'ono ngati simunadziwe dera lake. Ethyl acetate yokhayokha ikalephera kusuntha kanthu, pitani ku dichloromethane yokhala ndi methanol 5 mpaka 10%. Methanol ndi yamphamvu kwambiri pa silika, kuchoka pa 2% kufika pa 5% kumatha kusintha pleti yonse, nde muziyeza ndi sirinji kapena pipette osati kungothira ndi maso. Mukufuna madontho anu akhale pakati pa Rf 0.2 ndi 0.8, ndipo ngati cholinga chanu ndi kukapanga column (kupatula sampulo yambiri mu chubu chodzaza silika), kemikolo yomwe mukuifunayo ikhale chapa 0.3.

Chomwe ambiri sachidziwa ndi chakuti madontho awiri akamatirana, kuonjezera kapena kuchepetsa mphamvu kumangowasuntha onse limodzi. Pamafunika kusintha mtundu wa solventi, osati kuchuluka kokha. Chotsani ethyl acetate muikepo ether, kapena acetone, kapena mmalo mwa hexane muyese toluene, makamaka ngati makemikolo anu ali ndi ma ring a aromatic. Njira ina yotchipa ndi kuyendetsa pleti imodzimodziyo kawiri mu solventi yofookerapo, kuumitsa pakati pake. Onaninso bokosi la mapleti anu. Akakhala olembedwa RP-18 ndiye kuti zonse zatembenuka, za polar ndi zomwe zimatsogola, ndipo kuonjezera madzi kumachedwetsa zinthu mmalo mozifulumizitsa.

Kwa amene mukuchita za pepala ndi inki m'kalasi, nkhani ndi yomweyi. Inki ya cholembera chosungunuka m'madzi imapatukana bwino ndi madzi, yakuda imatha kutulutsa buluu, pinki ndi chikasu. Koma ya permanent marker siisuntha m'madzi olo mudikire tsiku lonse, imafuna ethanol kapena isopropanol.

Rf ya lero siyofanana ndi ya dzulo

Rf ndi mtunda womwe dontho layenda kugawa ndi mtunda womwe solventi yayenda, zonse kuyezera pa mzere woyambira, ndipo pa dontho mumayeza pakati pake. Dontho likayenda 2.4 cm solventi 6.0 cm, Rf ndi 0.4. Cholakwika choyamba ndi kuiwala kulemba pomwe solventi yafika. Hexane imauma mumasekondi ochepa, mukangotembenuka kufunafuna pensulo mzere wonyowa uja wapita, kenako mumangoganizira. Pensulo ikhale ili kale m'manja pomwe mukutulutsa pleti. Ndipo tulutsani solventi isanafike pamwamba penipeni, patsale 0.5 mpaka 1 cm, chifukwa ikafika kumapeto siima ayi, imapitiriza kukwera nkumauluka, madontho nawo amapitirizabe kukwera pomwe mtunda wa solventi sukuwonjezekanso, Rf yonse nkukhala yabodza.

Kenako botolo. Abale, botolo limeneli anthu amalipeputsa. Mpweya wa mkati uyenera kukhuta nthunzi ya solventi pleti isanalowe. Ikani pepala losefera moimirira m'mbali mwa botolo, linyowe, vindikirani, dikirani mphindi 5 mpaka 10. Mukapanda kutero solventi imauluka pa pleti pomwe ikukwera, nde pamadutsa solventi yambiri kuposa mmene mzere wonyowa ukuonetsera, Rf imakwera, ndipo madontho a m'mphepete amakwera kuposa a pakati, mzere wa madontho ofanana nkuoneka wokhota. Chivindikiro chikhale chotseka ulendo wonse, osamatsegula kusuzumira, galasi limaonekera mkati.

Solventi yogonera m'botolo nayo ndi msampha. Mwasakaniza dichloromethane ndi methanol m'mawa, dichloromethane imawira pa 40 °C pomwe methanol pa 65 °C, nde nthawi iliyonse mukatsegula yomwe ikuthawa kwambiri ndi dichloromethane, pofika madzulo zomwe zili m'botolomo si 95:5 yomwe munalemba ija. Sakanizani yatsopano, mamililita ochepa okha ndi omwe amafunika.

Chinyezi nacho. Silika imayamwa madzi a mumpweya, madziwo amakhala pa malo omwe kemikolo yanu ikanamata, Rf nkukwera. Bokosi la mapleti likakhala lotsegula nthawi yaitali, ikani mapletiwo mu uvuni pa 110 °C kwa theka la ola, aziziritseni mu desiccator (chotengera chotseka chopanda chinyezi). Izi ndi za mapleti a galasi ndi aluminiyamu, a pulasitiki amatha kupindika. Pa pepala nkhani ya chinyezi ndi yaikulu kuposa, chifukwa mbali yokhazikika kwenikweni ndi madzi omwe agwidwa mu cellulose, makemikolo amagawikana pakati pa madziwo ndi solventi yoyenda. Mfundo ya kugawikana imeneyi ndi yomwe inapezetsa Archer Martin ndi Richard Synge mphoto ya Nobel mu 1952, ndipo Martin ndi anzake anaigwiritsa pa pepala mu 1944 popatula ma amino acid. Nde pepala louma gwa ndi pepala lomwe lakhala pachinyezi ndi mapepala awiri osiyana, olo achokere paketi imodzi.

Chifukwa cha zonsezi, musamafanizire Rf yanu ndi nambala ya m'buku nkumati ndapeza kemikolo yakuti. Fanizirani pa pleti imodzi. Madontho atatu: kumanzere chinthu chomwe mukuchidziwa, kumanja sampulo yanu, pakati zonse ziwiri pamalo amodzi. Lapakatilo likatuluka limodzi lozungulira, mwina ndi chinthu chimodzi. Likatuluka lotalika kapena looneka ngati nambala 8, ndi zinthu ziwiri zoyandikana. Ndati mwina, chifukwa makemikolo awiri osiyana atha kukhala ndi Rf imodzi mu solventi ina, nde bwerezani mu solventi ya mtundu wina musanakhulupirire.

Tizinthu ting'onoting'ono

Mzere woyambira ukhale pafupifupi 1 cm kuchokera pansi, solventi m'botolo ikhale yosapyola 0.5 cm. Dontho likamira, sampulo imasungunukira m'botolo, pleti imatuluka yoyera kapena yoderako ponseponse, ndipo solventiyo itayeni yaipitsidwa. Lembani ndi pensulo yokha, mopepuka, inki ya bolopeni imayenda nayo limodzi. Solventi ikamakwera mokhota, onani ngati pleti ikukhudza pepala losefera m'mbali, kapena yapendekera mbali imodzi, kapena silika inagumuka m'mphepete podula, kudula timakona tiwiri tapansi mopingasa kumathandiza. Gwirani pleti m'mphepete kapena ndi chopanira, makamaka ngati mugwiritsa ninhydrin (mankhwala oonetsera madontho), thukuta la m'zala lili ndi ma amino acid ndipo chidindo cha chala chanu chimatuluka chapepo pakati pa zotsatira zanu.

Palibe chikuoneka

Pleti yoyera sikutanthauza kuti palibe kanthu. Mapleti olembedwa F254 ali ndi mankhwala owala mobiriwira pansi pa UV ya 254 nm, ndipo dontho limaoneka lakuda pokhapokha ngati kemikoloyo imayamwa kuwala kumeneko, monga za aromatic ndi za ma double bond otsatizana. Shuga, mafuta ambiri, ma alcohol wamba, ma amino acid ambiri, izi sizioneka. Onaninso kuti nyali ili pa 254 osati 365, nyali zambiri zili ndi mabatani awiri. Yambani ndi UV nthawi zonse poti siiwononga kanthu, zungulizani madontho ndi pensulo, kenako ikani pleti m'botolo la ayodini, madontho amatuluka abulauni koma amazilala msanga nde lembani pompo. Zomaliza ndi zonyika ndi kutenthetsa chifukwa zimenezo sizibwerera: potassium permanganate imapereka madontho achikasu pa pleti yapepo kwa zinthu zomwe zimalola oxidation, ninhydrin imapereka apepo kwa ma amine ndi ma amino acid, kupatula proline yomwe imatuluka yachikasu.

Umitsani pleti bwinobwino musanayang'ane. Toluene yotsalira imadetsa pleti yonse pansi pa UV, triethylamine yotsalira imadya permanganate yonse nkusiya pleti yachikasu popanda dontho loti muone. Koma ngati kemikolo yanu imauluka msanga, kuumitsa ndi mpweya wotentha kumaithamangitsanso, nde umitsani ndi mpweya wozizira. Ndipo chonde, maso asayang'ane mu nyali ya UV, khungu lisakhalitse pansi pake, ma solventi awa agwiritseni mu fume hood (kabati yokoka nthunzi) kapena pamalo popita mphepo, kutali ndi moto. Hexane ndi ether sizichedwa kuyaka.

Mukasokonezeka, yesani masamba

Pena munthu umafika poti sukudziwanso ngati vuto ndi manja ako, mapleti, botolo kapena sampulo. Apo tengani masamba obiriwira aliwonse, sinjani ndi acetone pang'ono, dikirani zikhazikike, donthezani madzi obiriwirawo kangapo pamalo amodzi mukuumitsa pakati, yendetsani mu hexane ndi acetone chapa 7:3. Ndi pomwe chromatography inayambira, Mikhail Tsvet anafotokoza njirayi ku Warsaw mu 1903, ndipo pa ntchito yake ankadutsitsa madzi a masamba mu chubu chodzaza ufa wa calcium carbonate nkuona mitundu ikupatukana. Ubwino wake ndi woti zonse mukuziona ndi maso zikuchitika, simufuna nyali.

Pa silika carotene yachikasu chofiirira imathamanga mpaka pafupi ndi pamwamba poti ilibe oxygen yoti igwire nayo silika. Chapakati pamabwera chlorophyll a wobiriwira mopita ku buluu, pansi pake chlorophyll b wobiriwira mopita ku chikasu, ndipo ma xanthophyll achikasu amatsalira m'munsi. Mukaona kadontho kotuwa pamwamba pa chlorophyll a, imeneyo ndi pheophytin, chlorophyll yemwe wataya magnesium wake, imachuluka masamba akakhala akale kapena akakumana ndi asidi. Pa pepala, ndi petroleum ether ndi acetone, dongosolo limasintha, xanthophyll amabwera pamwamba pa ma chlorophyll, nde musadabwe ngati buku lanu likuonetsa zosiyana, onani kaye ngati likunena za pepala kapena za silika.

Masamba akachita mchira nawonso, madzi a m'masamba alowa nawo mu dontho kapena mwadontheza zambiri, kapena botolo ndi mapleti anu ndi zomwe zili ndi vuto, bwererani kumeneko. Akapatukana bwino, ndiye kuti manja anu, mapleti ndi botolo zili bwino, zotsala ndi sampulo yanu: isungunuleni kakhumi, thirani 1% ya triethylamine kapena acetic acid malinga ndi mtundu wake, ikakanabe dulani pleti ya mbali zinayi zofanana ija muyendetse kawiri.